Mashoko a AL-KO Octagon pa kalavani yathu, patatha maulendo asanu

Kalavani yathu (kanyumba kokokedwa ndi galimoto) ndi ya matayala awiri, ndipo tinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito kuno ku Manchester. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti tikangodutsa pamalo okwera pang'ono kapena polumikizira mlatho, inkadumphadumpha katatu kapena kanayi isanakhazikike, uku ikukoka galimoto kumbuyo ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ulendo wina tikufika ku Wales tinapeza kabati yatseguka, makapu awiri aphwanyika, shuga ali mbwee pansi. Mayi a kunyumba anandiuza mosabisa mawu kuti sakweranso mpaka vutoli litatha.

Nditasuzumira pansi ndinapeza kuti kalavaniyo inalibe mashoko n'komwe. Zambiri za kuno zili choncho, zimangodalira mphira wa mkati mwa ekiselo. Ndinagula a AL-KO Octagon chifukwa chasisi yake ndi ya kampani yomweyo. Amawasiyanitsa ndi mtundu malinga ndi kulemera kwa kalavani: obiriwira, abuluu, ofiira ndi akuda. Musagule mongoganizira. Yambani mwawerenga nambala ya MTPLM (malire a kulemera kwa kalavani pamodzi ndi katundu) pa kachitsulo kamene kali pafupi ndi chitseko.

Kumanga sikunavute. Mabowo anali kale pa chasisi, ndipo pa mkono wogwira tayala pali kachotsekera kapulasitiki kamene mumachotsa n'kulowetsapo chitsulo chomangirapo shoko. Ine ndi mlamu wanga tinayamba titamwa tiyi, pofika nkhomaliro n'kuti tamaliza. Chonde musalowe pansi mukudalira jeki yokha, ikani zochirikiza zolimba.

Kusintha ndinakumva tsiku loyamba lomwe pa msewu wa A55. Kalavani ikagunda bampu imatsika kamodzi, kukwera, basi yakhazikika. Kale ndinkagwira chiwongolero mpaka mapewa kuwawa, maso ali pagalasi nthawi zonse. Pano ana amagona pampando wakumbuyo wa galimoto mpaka tikafike. Tikatsegula chitseko, mbale timazipeza mmene tinaziikira.

Koma ndinene zoona, mashoko okha sanamalize nkhani. Paulendo wachiwiri kugwedera kunabwererako pang'ono, ndipo chifukwa chake chinali kalongedzedwe. Tenti ndi mipando tinaziika kumbuyo kwenikweni, kutsogolo n'kupepuka. Tsopano katundu wolemera amakhala pansi, pamwamba pa ekiselo. Ndisananyamuke ndimayeza kulemera kumene kukutsamira pa tow ball (kachitsulo kobulungira ka kumbuyo kwa galimoto kokolekapo kalavani), pogwiritsa ntchito sikelo ya kubafa ndi kathabwa kodula mofanana ndi msinkhu wa tow ball yo. Odziwa amalangiza kuti kukhale pakati pa 5 ndi 7 peresenti ya kulemera kwa kalavani, osapyola malire a galimoto yanu. Mpweya wa m'matayala ndimayeza m'mawa asanatenthe.

Ena amaganiza kuti stabiliser (chipangizo chochepetsa kugwedera) ya pa hitch, polumikizira kalavani ku galimoto, ithetsa zonsezi. Ine ndinali nayo kale. Imathandiza kwambiri kalavani ikafuna kuyenda njokanjoka lole ikakudutsani, koma kudumpha kochokera ku matayala sinkakuletsa.

Liwiro ndiye sindinawonjezere. Lamulo la kuno likuti wokoka kalavani asapyole mamailosi 60 pa ola pa motorway ndi 50 pa msewu wosagawidwa pakati, ndipo ndimatsatira. Mashokowa ndawapatsa nyenyezi zisanu. Mlamu wanga uja waitanitsa kale ake, tikamanga Loweruka likubwerali.