Droop kapena chowongolera chapakati pa gridi yaing'ono ya DC

Pa gridi ya AC (magetsi osinthasintha mbali yomwe akuyenda) majenereta amamvana poyang'ana frequency, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo omwe magetsiwo amasintha pa sekondi, koma pa gridi yaing'ono ya DC (magetsi oyenda mbali imodzi, ngati a batire) chizindikiro chomwe makonveta onse, zipangizo zolumikiza batire kapena sola ku gridi, amachiona popanda kuuzidwa ndi voteji ya pa waya wamkulu basi. Njira zoyendetsera gridi yotere zimasiyana pa funso lakuti makonveta azidalira voteji yokhayo kapena azilandira malamulo kuchokera kwina.

Njira ya droop imadalira voteji yokha. Konveta iliyonse imatsitsa voteji yake pang'ono maampeya omwe ikutulutsa akamachuluka, ngati kuti mkati mwake muli resistor (kachipangizo kotchinga magetsi, koyezedwa mu ohm), ndipo motero mabatire amagawana ntchito popanda waya wa mauthenga. Vuto lake limaoneka bwino ndi masamu. Tiyerekeze gridi ya 48 V, voteji yomwe imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nsanja za mafoni, yokhala ndi mabatire awiri ofanana a droop ya 0.1 ohm, koma waya wa batire loyamba ndi wa 0.05 ohm pomwe wa lachiwiri, lomwe lili patali, ndi wa 0.15 ohm. Zipangizo zikakoka 40 A, loyamba limapereka 25 A, lachiwiri 15 A, ndipo lapafupilo ndi lomwe lidzayambe kutha. Mukakweza droop kufika pa 0.4 ohm, amagawana 22 A ndi 18 A, koma voteji imagwa ndi pafupifupi 10 V, zomwe zipangizo zambiri sizingapirire. Kukonza kagawidwe kumawononga voteji, kusunga voteji kumawononga kagawidwe.

Chowongolera chapakati chilibe vuto limenelo. Kompyuta imodzi imawerenga mulingo wa batire lililonse ndi mphamvu ya mapanelo a sola kudzera pa CAN kapena Modbus, njira zomwe makina amatumizirana mauthenga, n'kuuza konveta iliyonse zochita, kotero voteji imakhazikika ndipo mabatire amatha mofanana. Komatu kompyutayo ikazima kapena makoswe akadula waya wa mauthenga, gridi yonse imasowa mtsogoleri, ndipo nyumba iliyonse yatsopano yolumikizidwa ku gridi imafuna katswiri wodzasintha pulogalamu.

Pali njira yachitatu, yomwe konveta iliyonse imalankhulana ndi zoyandikana nazo zokha mpaka zonse zitagwirizana pa voteji imodzi. Imapirira imodzi ikawonongeka, koma kuikonza n'kovuta, ndipo pa mabatire awiri kapena atatu ndi chintchito chosafunika.

Kwa ine, droop iyenera kukhala maziko nthawi zonse, chowongolera chapakati n'kuikidwa pamwamba pake kuti chizibwezeretsa voteji pa 48 V pang'onopang'ono, monga momwe amachitira pa dongosolo la magawo atatu lomwe katswiri wa zamagetsi Josep Guerrero ndi anzake analifotokoza mu 2011. Mauthenga akaduka pa dongosolo lotere, voteji imatsika pang'ono ndipo mabatire amagawana mosalingana, koma firiji ya katemera kapena chigayo chimapitiriza kugwira ntchito kufikira wokonza atafika.