Laputopu kapena desikitopu pojambula mapulani ku Chipata

Pa ndalama zomwe mungagulire laputopu, desikitopu imakupatsani mphamvu zambiri. RAM (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito pothamangitsa mapulogalamu) ikachepa mumangowonjezera, kuchoka pa 16 GB kufika pa 32 GB; khadi la zithunzi la kampani ya NVIDIA likakalamba mumalizula n'kuikamo lina. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mafani akuluakulu a desikitopu amapirira rendering (kutulutsa chithunzi chomaliza cha 3D) ya maola ambiri mu pulogalamu ya Blender. Koma magetsi akangothima, zomwe simunasunge zapita, ndiye mtengo wa UPS (kabokosi ka batire kopatsa kompyuta magetsi akathima) kapena inivata ndi mabatire muuwerengeretu. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, tonse tinaona magetsi akusowa pafupifupi tsiku lathunthu.

Laputopu ili ndi batire yakeyake, ndipo mumainyamula kukaonetsa kasitomala pulani ku Katete kapena ku Lundazi. Vuto lake ndi kutentha. Fumbi likatseka timabowo tapansi, purosesa imachepetsa liwiro, chithunzi n'kumagwiragwira mukachitembenuza, ndipo khadi lake la zithunzi silisinthika.

Ine ndimati wojambula mapulani a 2D mu pulogalamu ya AutoCAD agule laputopu ya RAM ya 16 GB yokhala ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga). Wa 3D yolemera, desikitopu basi. MacBook, laputopu ya Apple, muisiye ngati ntchito yanu ndi ya Revit kapena SolidWorks, chifukwa mapulogalamu amenewa amafuna Windows.