Miyezi isanu ndi itatu ndi Korg Monologue, filimu yathu yoopsa itatha

Korg Monologue ndi synthesizer, kiyibodi yopanga mawu ake pogwiritsa ntchito magetsi. Ndinaigula mu Malichi, yogwirapo kale ntchito, kwa mnyamata wina amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Ndinkafuna kupangira nyimbo kafilimu koopsa ka mphindi 12 kamene tinajambula ndi anzanga m'nyumba ina yakale ku Zomba. Filimuyo tinamaliza mu Julaye, koma synthesizer imeneyi sinachokebe patebulo langa.

Masiku oyamba mtima unali pakhosi. Ine ndinakulira pa kiyibodi ya kutchalitchi, pomwe umadina zala zitatu n'kumva mawu okoma pamodzi. Iyi imalira noti imodzi basi pa nthawi imodzi, ndipo makiyi ake ndi 25 okha. Ndinkaona ngati ndataya ndalama.

Maganizo anasintha pa gawo la filimuyo limene mayi wina akuyenda m'khonde atanyamula kandulo. Ndinangogwira kiyi yotsikitsitsa, E, osaisiya, kwinaku ndikutsegula filter (sefa ya mawu) pang'onopang'ono mpaka phokoso lija linayamba kung'ung'udza ngati njuchi zili m'denga. Kandulo itazima, ndinachotsa chala. Bata limene linatsatira ndi lomwe linaopsa anthu kwambiri pa filimu yonse.

Chimene ndachikonda koposa ndi chakuti mungathe kupotoza kamvekedwe ka noti iliyonse payokha. Ndinatsitsa ziwiri pang'ono chabe, moti khutu silidziwa chalakwika, koma mtima sukhazikika. Mlongo wanga akuonera, thupi lake linachita tsemwe, anandiuza kuti ndichepetse volyumu. Sequencer yake ya masitepe 16, yomwe imasunga manoti n'kumawabwereza, imakumbukiranso mmene mwapotolera tizitsulo take, ndiye kugunda kwa mtima kwa kumapeto ndinangokusiya kukudzibwereza kokha. Noise (phokoso la shiii) ya pa oscillator yachiwiri, mbali yomwe imapanga mawu, ndiyo inakhala mpweya wa munthu wosaoneka kuseri kwa chitseko.

Imayenda ndi mabatire 6 a AA. Magetsi akazima ndimavala mahedifoni n'kupitiriza mumdima, ndipo kunena zoona mbali zabwino zonse ndinazipeza usiku woterowo.

Ilibe reverb kapena delay, zomwe zimachititsa mawu kumveka mobwerera ngati m'holo, choncho mawu ake amatuluka ouma. Kuti amveke ngati ali m'chipinda chopanda katundu, ndimawonjezera pa kompyuta. Amene mukufuna kuimbira kwaya, iyi si yanu.

Panopa tikulemba filimu yachiwiri, ya chitsime cha m'mudzi. Noti ya madzi ndaipeza kale, zithunzi sitinajambule n'chimodzi chomwe.