Magabiyoni pa dooko la mabwato m'chigwa cha Shire: ndi abwino, koma osagula a waya wamba

Amene akufuna kulimbitsa dooko la mabwato ku Chikwawa kapena ku Nsanje amauzidwa kuti agule magabiyoni, mabokosi a waya aja odzaza miyala. Ndi malangizo abwino, bola mudziwe chomwe mukugula. Khoma la konkire ngati la doko la Nsanje, lomwe Bingu wa Mutharika adatsegulira mu 2010, adalimangira zombo zikuluzikulu. Bwato ndi boti la injini zimafuna gombe lotsetsereka, pomwe mayi wosenza dengu la nsomba angatsike bwino madzi akhale ochuluka kapena ochepa.

Bokosi lofala ndi la mamita 2 m'litali, mita 1 m'lifupi ndi mita 1 msinkhu, ndipo limameza miyala yoposa matani 3. Maso a waya amakhala masentimita 8 ndi 10, choncho miyala ikhale ya masentimita 10 mpaka 20. Yaing'ono imatuluka m'maso, bokosi nkufota ngati thumba lobooka. Dzazani masentimita 30 okha, mangani mawaya opingasa mkati, kenako pitirizani. Mukangokhuthula miyala yonse kamodzi, bokosi limatupa mimba.

Ubwino wake waukulu ndi woti silikangana ndi madzi. Madzi amadutsa m'miyala, ndipo nthaka ikatitimira bokosi limapindika nkuitsata, pomwe konkire imangosweka. Pa dothi la mchenga la kuno, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Pa waya ndi pomwe anthu amaluzira ndalama. Waya wongopakidwa zinki amatchipa, koma Shire amanyamula mchenga wochuluka, makamaka kumunsi kwa Chiromo komwe Ruo amathira. Mchengawo umapala zinki ngati sandipepala, dzimbiri nkulowa, waya nkuduka pamzere womwe madzi amakwera ndi kutsika. Gulani wokutidwa ndi pulasitiki ya PVC, wopotedwa kawiri, woti waya mmodzi akaduka ena sasomboka. Mtengo wake ndi wowawa, koma kumanganso dooko kumawawa koposa.

Magabiyoni ambiri sagwa chifukwa cha mafunde ayi, amagwa chifukwa madzi afukula pansi pake. Yalani kaye matiresi a waya, omwe ndi mabokosi athyathyathya odzaza miyala, okhuthala masentimita 23 kapena 30 kutsogolo kwa khoma la magabiyoni, kuti mtsinje ukamakumba, matiresiwo azigwera m'dzenjemo nkulitseka. Kumbuyo kwa khomalo ikani nsalu ya geotextile, yomwe imalola madzi kudutsa koma imatchinga mchenga. Popanda nsaluyi mchenga umathawira m'mipata ya miyala, ndipo pomwe anthu amaponda pamabooka. Mathero onse awiri a khoma muwalowetse mkati mwa gombe, chifukwa madzi osefukira ngati a namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 amazungulira kumbuyo. Malo pomwe mtsinje wakhota musamale nawo: kunja kwa khona kumagumuka, mkati kumaunjikana mchenga mpaka propela kukhudza pansi.

Chokhumudwitsa n'choti waya amakanda bwato. Mangirirani matayala akale kutsogolo, ndipo chingwe cha boti chizimangidwa pamtengo wozikidwa pamtunda, osati pa waya. Namasupuni akakodwa m'maso a waya achotseni msanga, chifukwa amakoka bokosi madzi akamathamanga.

Miyala ndiyo imadya ndalama zambiri, popeza m'chigwamu ndi yosowa ndipo imachokera m'mapiri. Werengerani za lole musanalipire mabokosi.