Eriyo ya minga ya nsomba, ya waya wowotchera nyama kapena yozungulira ija? Nanga busta?

Mvula ikangoyamba funso la anthu limakhala lomweli, chithunzi cha TV chikudukiza, ndigule busta (kachipangizo kokuzira siginolo) yanji? Nde ine ndati ndilembe zomwe ndaona ndekha chifukwa padenga langa padutsa ma eriyo atatu osiyana ndi ma busta awiri, ndipo ndalama zina ndinangotaya mmadzi. Ndimakhala mbali ya ku Lunzu, kunja kwa Blantyre, malo otsika pang'ono ndipo mapiri ali pakati pa ine ndi milongoti yotumiza siginolo ya TV. Zomwe ndikunenazi ndi za anthu a dikoda ya eriyo, kaya Kiliye Kiliye kaya GOtv kaya TV yoti ili kale ndi DVB-T2 (njira yolandirira TV ya dijito pa eriyo) mkati. A dishi izi sizikukukhudzani, zanu zimachokera kumwamba.

Choyamba chomwe chinandipusitsa ndi ichi. Nthawi ya analogi, TVM itangoyamba mu 1999 muja, siginolo ikakhala yofooka chithunzi chinkabwerabe, chamchengamchenga koma mpira mumaonera ndithu. Dijito ilibe chifundo chimenecho. Imaonetsa bwinobwino mpaka pamalire ake, ikangotsika pang'ono pokha timabokosi tayamba, mawu kumangoti kwi kwi, kenako bii. Ndiye munthu amene TV yake ikuonetsa bwino mu Julayi akhoza kukhala ali m'mphepete mwenimweni osadziwa, mitengo ikaphuka masamba ndi kunyowa mu Disembala basi zathera pomwepo.

Ndiyambe ndi yozungulira ija, yapulasitiki, yokhala ndi mota ndi kabokosi kake koika pambali pa TV, mukadina batani imatembenuka yokha padenga. Imeneyi ndi yomwe ndinayamba kugula pa shopu ina ku Limbe, wogulitsa atandilumbirira kuti imagwira olo kumudzi. Pa katoni analembapo kuti imafika ma mailosi 150. Werengerani nokha, amenewo ndi ma kilomita 240, mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe mutawongola chingwe. Siginolo ya UHF, mafunde omwe TV ya dijito ya eriyo imayendera, imayenda mowongoka ngati kuwala ndipo dziko ndi lobulungira, eriyo ili pamtunda wa mamita 10 imaona pafupifupi ma kilomita 13 basi, ndipo olo mlongoti wotumizawo utakhala paphiri lotalika mamita 400 kuposa malo ozungulira, zonse pamodzi sizikwana ma kilomita 100. Ndiye za 150 zija ndi nkhambakamwa. Mukaitsegula mupeza kuti eriyo yeniyeni mkatimo ndi tizitsulo tochepa, mphamvu yonse akudalira kabusta kotchipa kamene anakamatira momwemo. Kwa ine inagwira ma tchanelo ena usiku, masana ayi. Mota inafa mvula yoyamba madzi atalowa, pulasitiki inayamba kufumbutuka ndi dzuwa la Okutobala, ndipo choipitsitsa kabokosi kaja kakapsa eriyo yonse imakhala yakufa chifukwa busta yopanda magetsi imatseka njira. Ubwino wake ulipo umodzi, ngati muli mtauni pafupi ndi mlongoti ndipo muli pa lendi, ndiyopepuka, mumaimanga pa nsungwi mphindi khumi, posamuka mumangoizula. Kupitirira apo sindingauze m'bale wanga kuti agule.

Yachiwiri ndi ija yooneka ngati waya wowotchera nyama, sefa yachitsulo kumbuyo ndi tizitsulo topingasa ngati X kutsogolo, nthawi zambiri tinayi kuchokera pamwamba kutsika. Iyi ndimaipatsa ulemu. Ilibe mota, ilibe chofuna magetsi, ndipo imaona motambalala, kutanthauza kuti olo simunalozetse ndendende imagwirabe, komanso ngati milongoti iwiri ili mbali imodzi koma motalikirana pang'ono imatha kutenga yonse. Mphamvu yake imakhala cha mu ma dB 10 mpaka 12 (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa siginolo) ikakhala yopangidwa bwino. Sefa yakumbuyo ija ili ndi ntchito, imabweza siginolo kupita kutsogolo ndi kutchinga zochokera kumbuyo. Vuto lake ndi mphepo, imakhala ngati tanga la bwato, pa nsungwi yowonda Chiperoni ikawomba mupeza yayang'ana kwa aneba. Imafuna paipi yachitsulo kapena bulugamu wokhwima womangidwa ndi mawaya atatu. Ndipo kutambalala komweko kumakhala chilema pamalo pamene siginolo ikugunda phiri kapena madenga a malata n'kubwerera, imatola zonse, ngakhale kunena zoona DVB-T2 inapangidwa moti imapirira zobwererazi kuposa mmene analogi inkachitira ndi zithunzi zake zamizukwa zija.

Yachitatu, yomwe ili padenga pano, ndi ya minga ya nsomba. Dzina lake lenileni ndi Yagi, inachokera ku Japan m'ma 1920 kwa Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi, ndipo mpaka lero palibe chasintha kwenikweni, ndodo imodzi yaitali, tizitsulo tambiri topingasa kutsogolo, kamodzi kolumikiza waya, ndi chotchinga kumbuyo. Tizitsuloti ndi tatifupi chifukwa funde la 600 MHz ndi lotalika theka la mita, theka lake ma sentimita 25. Mukaona eriyo ya zitsulo zazitali ngati mkono wonse dziwani kuti ndi ya VHF yakale, musavutike nayo. Yagi ikatalika mphamvu imakwera, zazitali zimafika ma dB 14 kapena 15, koma imaona mopanikiza ngati tochi. Mukaiphonyetsa pang'ono chabe siginolo yagwa. Tsiku loimanga ine ndinali padenga, mayi akunyumba ali pa TV akukuwa manambala pawindo, ndikatembenuza pang'ono ndidikire kaye masekondi angapo chifukwa dikoda imachedwa kuyankha, anthu odutsa ankangoti awa zawo zavuta. Koma itakhazikika inachita zomwe ziwiri zija zinalephera, osaikapo busta iliyonse.

Pali msuweni wake wa Yagi, log-periodic, yooneka ngati mutu wa muvi, zitsulo zazitali kumbuyo n'kumafupika kutsogolo. Mphamvu yake ndiyochepa, cha mu ma dB 7 kapena 8, koma imagwira mofanana ma frequency onse ndipo mphepo siivutitsa. Kwa amene ali pakatikati, osati pafupi osati kutali, ndiyabwino kwambiri.

Ndiye pa zitatuzi, kutali kapena kuseri kwa chitunda tengani Yagi yaitali. Pakatikati, kapena milongoti ili yobalalika, ya sefa. Pansi pa mlongoti, chilichonse chimagwira, olo ka eriyo komwe kanabwera ndi dikoda. Ndipo musanakhome yang'anani ma eriyo a anzanu amene TV zawo zikuonetsa bwino, alozetsa kuti, ndipo tizitsulo tagona kapena taima. Mukagoneka pamene mlongoti ukutumiza choimirira mumataya siginolo yochuluka kuposa yomwe busta iliyonse ingakubwezereni.

Tsopano nkhani ya busta, pamene ambirife timaluzira ndalama. Busta siipanga siginolo. Imangokuza chomwe yalandira, ikalandira siginolo yoyera imakuza yoyera, ikalandira phokoso imakuza phokoso n'kuwonjezerapo lakenso. Zili ngati kuthira madzi mu ndiwo zochepa, m'mbale mukuoneka modzaza koma nyama ndi yomwe ija. Pa menyu ya dikoda pali mizere iwiri, strength ndi quality. Busta imakweza strength mosavuta, mpaka 90 mumasangalala, koma chithunzi chimadalira quality. Ine yanga yoyamba inandipatsa strength yodzaza quality ili pomwe inali, ndinakhala pansi n'kumayang'ana ngati ndaberedwa pa basi.

Mitundu yake ndi iwiri ndipo siyofanana ntchito olo pang'ono. Ya m'nyumba ndi ija mumaiika kuseri kwa TV n'kuilumikiza kumagetsi. Ya pamlongoti, kutanthauza paipi yanu ya eriyo ija, imamangidwa panja pansi pa eriyo penipeni, mita imodzi kapena kuchepera, magetsi ake amakwera kudzera mu waya womwewo wa eriyo kuchokera pa kabokosi ka 12V m'nyumba, zina zimadya 5V yochokera mu dikoda ngati mwayatsa antenna power pa menyu. Kusiyana kwake kuli pa waya. Waya wabwino wa eriyo wotchedwa RG6 amadya pafupifupi ma dB 4 pa mamita 20 alionse pa ma frequency amenewa, ndipo ma dB 3 okha ndi theka la mphamvu. Ndiye siginolo yofooka kale ikayenda mamita 20 imafika pa TV itatha, busta ya m'nyumba ikupeza zotsalira. Ya pamlongoti imaigwira isanayambe ulendo, n'chifukwa chake kwa anthu akutali ndi yokhayo yomwe ili ndi phindu. Ya m'nyumba ntchito yake ndi imodzi, siginolo ikufika yabwino koma mukufuna kugawira ma TV angapo, monga pa resitihausi kapena nyumba ya zipinda zambiri. Sipulita (kogawira siginolo ku ma TV angapo) ya pawiri imadya ma dB 3.5 mbali iliyonse, ya panayi cha mu 7, busta ya m'nyumba imabweza zimenezo basi.

Pogula ya pamlongoti anthu amathamangira nambala yaikulu, 30 dB, 36 dB, kuganiza kuti kukula ndi ubwino. Nambala yofunika ndi ina yaing'ono yolembedwa noise figure, yoyeza phokoso lomwe busta imawonjezera, ikhale 3 dB kapena kutsika, ngati sanalembe n'komwe pa katoni ibwezeni pa shelefu. Kukweza kwake kungokwana kulipira zomwe waya ndi sipulita akudya n'kutsalako pang'ono, kwa nyumba wamba 15 mpaka 20 dB yakwana. Yokhala ndi kotembenuzira kochepetsa mphamvu ndiyabwino koposa. Alamu anga amakhala ku Bangwe, milongoti ya pa phiri la Mpingwe amaiona ali pakhonde, koma anakagula busta yamphamvu ati TV izioneka bwino kwambiri. Ma tchanelo anasowa onse. Siginolo ikachuluka mopyola busta imadzaza n'kuyamba kusokoneza, ngati sipika yomwe mwaikweza mpaka mawu kusweka. Tinangoichotsa n'kulumikiza waya mwachindunji zonse zinabwerera, mpaka lero amati ndinachita matsenga.

China chomwe chabwera ndi mafoni. Kale TV inkafika mpaka 862 MHz, pano chigawo chapamwambacho, ma 700 ndi ma 800, maiko ambiri anachipereka ku 4G ndipo TV yatsala pa 470 mpaka 694. Busta yakale kapena yotchipa imakuzabe mpaka kumtunda konseko, ndiye ngati pafupi ndi inu pali mlongoti wa foni imameza zimenezo n'kudzaza. Fufuzani yolembedwa kuti ili ndi LTE filter yotchinga siginolo ya mafoni, kapena gulani kafyuluta kapadera, koma kaikidwe pakati pa eriyo ndi busta, mukakaika kumunsi busta yadya kale poizoni.

Musaiwalenso za magetsi athuwa. Amene mumaonera pa sola kapena pa batire magetsi akazima, busta yofuna soketi ya kukhoma izima nawo limodzi ndipo TV ikhala ili moyo koma yopanda kanthu. Apa eriyo yaikulu yopanda busta imapambana kutali, kapena busta ya 5V yodyera mu dikoda. Ndipo ngati pali sipulita pakati onetsetsani kuti ndi yolola magetsi kudutsa, imalembedwa power pass, apo ayi busta kumwambako ikhala ndi njala.

Koma chomwe chinandithandiza kuposa zonse ndi chotchipa kwambiri, waya. Uja woonda amene amabwera mu katoni ya eriyo yozungulira ndi wongotaya. Tengani RG6, musende pang'ono muone ngati ulusi wachitsulo wokulunga uli wothithikana komanso pali kachipepala konyezimira pansi pake, wina amakhala ndi timaulusi towerengeka ngati ndevu za mnyamata. Akhale mmodzi kuchokera padenga mpaka pa dikoda, zolumikiza mopota ndi selotepi zija ndi pomwe siginolo imathawira ndi pomwe madzi amalowera. Pa mfundo ya panja ikani F konekita, kolumikizira kachitsulo komanga ngati nati, mukulunge ndi tepi ya rabala, ndipo waya asanalowe m'nyumba mupindeni atsike kaye pansi n'kukweranso kuti madzi azidontha panja. Wanga wakale nditamudula anatuluka madzi akuda, mkati muli dzimbiri lokhalokha, ine miyezi yonseyo ndikunamizira eriyo. Kukweza paipi ndi mamita awiri kuti ipitirire mtengo wa mango wa aneba kunawonjezeranso quality kuposa busta zonse ziwiri.

Pano ndili ndi Yagi yaitali pa paipi yachitsulo, RG6 watsopano mamita 18, ndi busta ya pamlongoti yomwe ndinaitsitsa mphamvu mpaka theka, ndipo ndinaibwezerapo pokhapokha nditaonjezera TV yachiwiri kuchipinda kwa ana. Paipi ndinailumikiza ndi waya wokhuthala wa kopa kupita ku ndodo yokhomera pansi chifukwa chitsulo chachitali chotero padenga nthawi ya mphenzi si masewera, komabe kukayamba kugunda ndimazula waya kuseri kwa dikoda. Yozungulira ija ili kuseri kwa khitchini, nkhuku zimagonapo.