Nyungwe kapena Kibale: Kumene Woonera Mbalame Ayenera Kuyamba

Chibwerereni ku Uganda ndi ku Rwanda, anzanga amene timakwera nawo phiri la Zomba kukaona mbalame akhala akundifunsa funso limodzi lomweli: ngati ndalama zikukwanira ulendo umodzi wokha, apite ku Kibale kapena ku Nyungwe? Nkhalango zonse ziwiri n'zowirira, mvula siichedwa kugwa, ndipo iliyonse ili ndi mitundu 13 ya anyani ndi apusi, kotero chiwerengero chokha sichingakusankhireni.

Ndiyambe ndi Kibale, pafupi ndi Fort Portal kumadzulo kwa Uganda, chifukwa n'kumene mtima unandiwawa. Chimene ndinapitira ndi green-breasted pitta, kambalame ka chifuwa chobiriwira kamene kamakhala pansi m'masamba ofota, ndipo kamadziulula kusanache pokha, pamene kamalumpha panthambi n'kumenya mapiko mwaphokoso. Kampani ina yoyendetsa alendo, imene ndinailipira zonse ndisananyamuke ku Lilongwe, inalemba kuti kuona mbalame kuli m'kati mwa mtengo. Nditafika madzulo n'kufunsa nthawi yodzukira, woyendetsa galimoto wawo anandiuza kuti zimene ndinalipira n'zoyenda masana, ndipo kulowa m'nkhalango m'bandakucha pamodzi ndi wolondolera wodziwa mbalame kumalipiridwa padera. Aliyense amene anayendapo m'nkhalango yotere akudziwa kuti dzuwa likakwera mbalame zimangoti zii, ndiye kugulitsa ulendo wa masana kwa munthu amene wanena poyera kuti akufuna pitta ndi kumudyera masuku pamutu. Ndinatapa ndalama zimene ndinasungira ulendo wobwerera, ndipo m'mawa mwake tinalowa ndi tochi kuli mdima. Tinaima duu kwa nthawi yaitali, linthumbu likundikwera m'miyendo popeza sindinapisire thalauzi m'masokosi, ndipo mapiko aja tinawamva kawiri chapafupi, koma mbalameyo sitinaione. Tsiku lina loyesanso ndinalibe. Ogwira ntchito m'nkhalangomo sanandilakwire chilichonse, komabe ndikamva dzina loti Kibale chimene chimabwera msanga m'mutu ndi madzulo amenewo.

Pa nkhani ya chimpanzee, Kibale ilibe mnzake. Magulu a chimpanzee a ku Kanyanchu, kumene alendo amayambira ulendo m'nkhalangoyi, anazolowera anthu, malo ake si otsetsereka kwambiri, ndipo mwayi wowapeza ndi waukulu, pamene ku Nyungwe umadzuka usiku kupita ku kankhalango kapadera ka Cyamudongo n'kumathamangira kulira kwawo m'zitunda zoterera. Dambo la Bigodi, pafupi ndi Kibale, limene amayang'anira ndi anthu a m'mudzi momwemo, nalonso ndi lofunika kuliyendera, chifukwa great blue turaco, mbalame yaikulu yabuluu, imaoneka mosavuta kumeneko.

Koma pa mbalame mtima wanga uli ku Nyungwe, kumwera chakumadzulo kwa Rwanda. Nkhalangoyi ili pamwamba, kuyambira mamita pafupifupi 1,600 mpaka kuyandikira 3,000, ndipo n'chifukwa chake ili ndi mbalame zambiri zimene sizipezeka kwina kulikonse kupatula m'mapiri a Albertine Rift, chigwa chachikulu cha m'malire a Uganda, Rwanda, Burundi ndi Congo, monga Rwenzori turaco ndi red-collared babbler, pamene Kibale, pokhala m'munsi, ili nazo zochepa. Msewu wa tala wochokera ku Huye kupita ku Rusizi umadutsa m'kati mwenimweni, ndiye ngakhale wotopa amaona zambiri ataima m'mphepete mwake, apusi a L'Hoest a ndevu zoyera akudya chapafupi. Ku Uwinka kuli mlatho wolenjekeka wa mamita pafupifupi 70 kuchokera pansi, ndipo ubwino wake ndi wakuti khosi limapuma, popeza mbalame za pamwamba pa mitengo umaziona maso ndi maso. Nkhungu itangoyamba kuchoka, turaco inadutsa pansi pa mapazi anga, mapiko ake ofiira ali psuu, monga zimachitira zija za ku Zomba. Kumazizira kwambiri, ndipo njira yopita kudambo la Kamiranzovu imafuna mawondo olimba pobwerera.

Ndivomere kuti pali china chimene chimandikokera kumeneko. Kuyambira 2020 Nyungwe ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma la Rwanda, bungwe lomwe lija linatenga Majete mu 2003 ndi Liwonde mu 2015, ndipo amene tinaona Majete ikudzazanso ndi nyama sitivutika kulikhulupirira. Mu 2023 UNESCO, nthambi ya United Nations, inaika Nyungwe pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kumeneko ndinalipira ndekha pa ofesi yolandirira alendo, ndipo anandiuza mtengo wa ulendo uliwonse ndi ola loyambira ndisanatulutse ndalama.

Wofuna chimpanzee apite ku Kibale, koma auze kampani yake ilembe papepala ola lolowera m'nkhalango ndi amene adzalipire wolondolera. Wofuna mbalame ayambe ndi Nyungwe, agoneko masiku osachepera atatu, ndipo asaiwale juzi ndi chovala cha mvula.