Miyezi 8 ndidakali pa Create React App chiilekereni eni ake, nazi zomwe zathyoka

Pa 14 February 2025 a timu ya React, library ya JavaScript yopangira mawebusaiti, analengeza kuti Create React App (CRA), chida chawo choyambitsira ndi kubilda mapulojekiti a React, aileka, anati woyamba pulojekiti yatsopano apite ku framework ngati Next.js kapena angotenga chida china chobildira ngati Vite basi. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi mapulojekiti awiri okhala pa chida chimenechi, imodzi ya shopu ina ya hardware yolembera katundu wolowa ndi wotuluka, inayo ya gulu lina la alimi yolembera amene atenga fetereza pa ngongole. Ndinati sindisamuka mpaka china chake chitandikakamiza, chifukwa kasitomala salipira ndalama yoti usinthe zinthu zomwe iye saziona. Pomwe ndikulemba izi mu October 2025 papita miyezi 8 ndiye ndati ndikuuzeniko mmene zayendera.

Choyamba chomwe anthu ambiri samvetsa, zomwe munabilda kale sizifa. Ukapanga npm run build chimatuluka ndi HTML, CSS ndi JavaScript wamba, browser sadziwa nkomwe kuti zinachokera ku CRA. Ku shopu kuja mtsikana wa pa kauntala akulembabe masimenti ndi misomali tsiku ndi tsiku palibe chinasintha kwa iye. Vuto limakupeza iwe wolemba code, tsiku lomwe wakhudza chinthu choyandikana nacho.

Ine linandipeza nditasintha laputopu. Ndinainstola Node 22, pulogalamu yoyendetsa JavaScript pa kompyuta, osaganiza zambiri, kutsegula pulojekiti ya shopu, npm start, basi error yofiira ija ya ERR_OSSL_EVP_UNSUPPORTED ndi mawu oti digital envelope routines unsupported. Pulojekitiyo inali pa react-scripts 4.0.3, package yomwe imayendetsa CRA, yomwe mkati mwake muli webpack 4 yosonkhanitsa code pobilda, ndipo webpack 4 imagwiritsa hash yakale ya md4 pomwe Node kuyambira 17 inabwera ndi OpenSSL 3 yomwe md4 inaitsekera pambali. Njira zake ndi ziwiri, kuika NODE_OPTIONS=--openssl-legacy-provider kapena kubwerera ku Node 16 kudzera pa nvm, chida chosinthira ma version a Node. Zonse zimagwira, ndinayesa. Koma Node 16 nayo inasiya kulandira ma apudeti mu September 2023, ndiye ukuchirikiza chinthu chosiyidwa ndi chinzake chosiyidwanso, mtima sunkakhala m'malo makamaka poti ndi sistimu yomwe mumadutsa ndalama za munthu.

Ya alimi ija inali pa react-scripts 5.0.1, ya April 2022, imeneyo ili ndi webpack 5 ndiye za md4 kulibe, pa Node 22 imadzuka bwinobwino. Mavuto ake ndi ang'onoang'ono koma amabwera limodzilimodzi ngati kudontha kwa denga. TypeScript 5 inatuluka mu March 2023 koma react-scripts imangodziwa 3 ndi 4, ukati npm install imakana ndi ERESOLVE. Ambiri amangomenya --legacy-peer-deps nkupitiriza, ine ndinaona bola kuika overrides mu package.json chifukwa flag ija umaiwala, mnzako akakoka code mawa akumananso ndi zomwezo nkuyamba kukuimbira usiku. Zitatero zinayenda, kungoti ESLint yamkatimo, yomwe imafufuza zolakwika mu code, imadandaula kuti version ya TypeScript imeneyi siyikuidziwa. Imadandaula basi koma ntchito imagwira.

Ma test ndi omwe anandidyera tsiku lonse. Mkati mwa CRA 5 muli Jest 27 yoyendetsa ma test, ndiye nditakweza axios, package yolankhulira ndi seva, kupita ku version 1 ma test onse okhudza network anagwa ndi uthenga woti Cannot use import statement outside a module. Code yanga inalibe vuto, ndi Jest yakaleyo yomwe simvana ndi ma package atsopano olembedwa mwa ES modules. Ndinakonza poika moduleNameMapper kuloza fayilo ya cjs ya axios, koma taganizani, package iliyonse yatsopano yomwe waikonda uyenera kuyamba wafunsa kaye ngati Jest 27 iyilola. Tailwind 4, chida cha CSS chomwe chinatuluka mu January 2025, ndiye sindinaikwanitse nkomwe, inasamutsa plugin yake ya PostCSS kupita ku package ina ndipo CRA sikulola kukhudza config ya PostCSS pokhapokha upange eject, kutulutsa config yonse yobisika, kapena uwonjezere craco, package yosinthira config ya CRA, pamwamba. Ndinakhala pa Tailwind 3 ndipo kunena zoona alimi sanasowe kanthu.

React 19 yokha ndiye inandidabwitsa, inalowa popanda ndewu yambiri. Chomwe chinafunika ndi kuchotsa ReactDOM.render yomwe anaichotseratu mu 19 nkuika createRoot, komanso kukweza testing library. Ndiye amene akuti CRA siyenda ndi React 19 akunena za chipwirikiti cha mu December 2024 pomwe kupanga pulojekiti yatsopano kunkakanika, pulojekiti yakale imakwera ndithu.

Pali chimodzi chomwe ndikupempheni anzanga, musapange npm audit fix --force pa pulojekiti ya CRA. npm audit imakuonetsa mndandanda wautali wofiira wa ma package okhala ndi mavuto a chitetezo, nth-check, postcss, webpack-dev-server, umachita mantha nkufuna kukonza zonse kamodzi. Ine ndinatero, inandibwezera react-scripts ku 0.0.0, npm start osadzukanso. Mwayi ndinali nditapanga commit, koma node_modules ndinayenera kuidawunilodanso yonse ndipo aliyense wogwira ntchito pa bandulo akudziwa kuti foda imene ija siyochepa. Zambiri mwa zofiirazo zili mu zida zobildira zomwe zimatsala pa kompyuta yako, sizipita kwa wogwiritsa ntchito. Kuti uone zenizeni panga npm audit --omit=dev utasamutsira react-scripts ku devDependencies, mndandanda umafupika kwambiri. Komabe sizoti zofiirazo zidzachoka, palibe amene akukonza, chaka chamawa zidzakhala zochulukirapo.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi chilengezereni ndinagonja pa ya shopu ija, ndinaisamutsira ku Vite. Ndinkaopa kuti itenga sabata koma inatenga Loweruka limodzi ndi theka la Lamulungu, ndipo maola ena anapita ndi kuthima kwa magetsi. Ntchito yake ndi yotopetsa chabe osati yovuta. index.html imachoka mu public kubwera panja, %PUBLIC_URL% umachotsa, ma variable onse a REACT_APP_ amakhala VITE_ ndipo process.env imasanduka import.meta.env. Chomwe chinanditengera nthawi ndi mafayilo a .js okhala ndi JSX mkati, Vite imafuna akhale .jsx ndiye ndinasintha mayina amodziamodzi. Kenako pa seva ndinaiwala kuti zobilda tsopano zikugwera mu dist osati build, Lolemba m'mawa bwana wa shopu anaimba kuti zomwe ndinalonjeza sizikuoneka, ndinakonza mphindi zochepa koma inu musaiwale zimenezo. Onaninso Node yanu musanayambe, Vite 7 imafuna 20.19 kapena 22.12 kupita m'mwamba.

Kusiyana kwake kumamveka m'manja. Kale ndikati npm start ndinkadikira pafupifupi mphindi yathunthu fani ya laputopu ikulira, pano ndi masekondi ochepa, ndipo batire ikukhalitsa zomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu masiku opanda magetsi.

Ya alimi ndaisiya pa CRA 5.0.1 dala. Imasinthidwa mwina kawiri pa chaka, nyengo yogawa fetereza ndi nyengo yobweza ngongole, ndipo gululo lilibe ndalama yolipira kusamuka. Ndinaika fayilo ya .nvmrc, package-lock.json ili mu git, ndimainstola ndi npm ci basi osati npm install, ndipo ndinalemba mu README kuti wobwera pambuyo panga asakweze kanthu asanawerenge. Chida cha CRA chinatiphunzitsa React ambiri a ife kuyambira 2016 pomwe kukonza webpack pamanja kunkathawitsa anthu, ndiye sindichinyoza. Koma mnyamata wina yemwe ndikumuphunzitsa anabwera sabata yatha atayamba pulojekiti yake ndi npx create-react-app chifukwa vidiyo ya pa YouTube yomwe amatsatira ndi ya 2021, ndinamuuza afufute ayambirenso ndi npm create vite@latest asanalembe mzere wachiwiri. Ya alimiyo ndidzaisamutsa akamaliza kubweza ngongole za chaka chino, sistimu ikadzakhala phee kwa miyezi ingapo.